Kodi chotupa cha kummero amachidziwa bwanji kuti ndi khansa kapena ayi?

Mwana wa ku Chadiza:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Atate anga atha miyezi itatu akuvutika kumeza. Poyamba inkawatsamwa ndi nsima yokha, koma tsopano ngakhale phala amalitsitsira ndi madzi, ndipo aonda mpaka lamba tamuboola kawiri. Adokotala atawalowetsa kachubu ka kamera anaona chotupa, anadulako kachidutswa n'kukatumiza ku labotale, koma sananene ngati ndi khansa. Popeza anachiona ndi maso awo, tikudikiriranji?

Wogwira ntchito mu labotale, Chipata:
Pepani ndi matendawo, achimwene. Adokotala anachita bwino, chifukwa kamera imaonetsa kunja kokha, pomwe mlandu umagamulidwa pa maikulosikopu, chipangizo choonera tinthu tosaoneka ndi maso. Kachidutswako timakaviika mu mankhwala otchedwa formalin kuti kasawole, timakaumitsa mu phula, timakasenga mopyapyala kwambiri ndi kukapaka utoto wa mitundu iwiri, kenako katswiri amayang'ana maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi. M'chotupa chosaopsa maselo amafanana ndipo amakhala mwadongosolo m'malire awo. Mu khansa amasiyana kukula, pakati pa selo iliyonse pamada ndi kutupa, ambiri amaoneka akugawikana, koma chachikulu koposa n'chakuti amaboola kansalu kopyapyala kamene kali pansi pa khungu la m'mmero n'kulowerera mu mnofu. Nthawi zina maselo amaoneka oipa koma asanaboole, ndipo zimenezo zimalembedwa kuti dysplasia, chomwe ndi chenjezo lofunika kulitsatira msanga.

Namwino wa ku Katete:
Ndiwonjezere pang'ono. Chotupa chosaopsa chimene chimapezeka kawirikawiri m'mmero ndi leiomyoma, chomwe chimamera mu mnofu pansi pa khungu losalala, lopanda chilonda, pomwe khansa imakonda kukhala yamanyumanyu ndi yotuluka magazi ikakhudzidwa. Komabe sindifuna kukunamizani. Zotupa zosaopsa n'zosowa, ndipo kuno kwathu, monganso ku Malawi, munthu wachikulire amene akulephera kumeza ndipo akuonda nthawi zambiri amapezeka ndi khansa yotchedwa squamous cell carcinoma. N'chifukwa chake zotsatira zikabwera zakuti palibe khansa koma atate akuvutikabe, mufunse ngati angadulenso kachidutswa kena, pakuti kachipangizo kodulira kamatha kutenga mnofu wakufa wa pamwamba pokha. Khansa ikatsimikizika, chithandizo chachikulu chili ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, choncho yambani kukambirana ndi abale za ulendo. Pakadali pano muziwapatsa phala lamadzimadzi lothira nsinjiro, mkaka kapena dzira, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, atakhala tsonga.

Mwana wa ku Chadiza:
Zikomo kwambiri nonse. Kapepala kokhala ndi nambala ya kachidutswako ndakasunga, ndipo Lolemba ndipita kukafunsa. Amayi, kodi madzi akayambanso kukana kutsika tsikulo lisanafike, tidikire kapena tithamange nawo?

Namwino wa ku Katete:
Musadikire ngakhale usiku umodzi. Mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo kuti akawaike diripi.