Kodi ulendo umasinthadi munthu, kapena n'zithunzi chabe?

Wamantha34:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 34 koma sindinayambe ndapita dziko lina ndekha. Kuntchito andisankha kuti ndikakhale miyezi isanu ndi umodzi ku Maputo, ndipo Chipwitikizi sindichidziwa ngakhale moni. Kalata ndinalandira Lolemba, mpaka lero sindinayankhe. Ine ndi uja basi ikangosintha msewu mtima wayamba kale kugunda. Aliyense akungoti "pita, ukakhwima". Kukhwima kwake kotani? Mlamu wanga wazungulira mayiko asanu koma anabwerako ali yemwe uja, zinachuluka ndi zithunzi pa Facebook basi.

MakeMapasa:
Achemwali, mlamu wanuyo mwina ankayenda chonyamulidwa: pabwalo la ndege akamutenga, kuhotela akamusiya. Ulendo wotero sumukhudza munthu.

Ine ndinakhalako chaka chathunthu kudziko loyankhula Chifalansa. Masabata awiri oyamba chilichonse chinali chokoma, ndinkajambula ngakhale zikwangwani zamumsewu. Sabata lachitatu dzino linandiwawa usiku wonse. M'mawa ndinalowa musitolo yamankhwala, mawu oti "dzino" ndilibe, ndinangoima pakauntala misozi ili chuchuchu, mayi wamkulu ngati ine. Kenako ndinatsegula pakamwa n'kuloza ndi chala. Mtsikana wogulitsayo anaseka, ine ndinasekanso, mankhwala ndinagula.

Pambuyo pake ndinamva kuti katswiri wina, Kalervo Oberg, analemba za zimenezi mu 1960. Anati mlendo amayamba ndi kusangalala, kenako amaipidwa ndi chilichonse cha eni dziko, kenako amayamba kuzolowera mpaka kukhazikika. Ndikanadziwa kale sindikanadziyesa wopepera. Chimene ndinabwera nacho n'chaching'ono: manyazi ofunsa anandithera. Kale ndinkalolera kusochera ola lonse kusiyana n'kuimitsa munthu. Paja safunsa anadya phula.

Chiphazi:
Ine zanga zinachitikira paphiri la Kilimanjaro. Ndinapita modzitama chifukwa ndimathamanga m'mawa uliwonse. Otiperekeza ankangoti "pole pole", ine n'kumaona ngati akundichedwetsa. Nsonga yake ili pa mamita 5,895, ndipo kumeneko mpweya umene munthu amakoka ndi pafupifupi theka la wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Miyendo yamphamvu ilibe nazo ntchito zimenezo. Usiku womaliza titanyamuka pamsasa wa Barafu mutu unayamba kundiwawa, ndinasanza kawiri, ndipo anandibweza. Agogo ena amene ndinkawapitirira tsiku lililonse anakafika pamwamba.

Kubwerako anthu ankafunsa chithunzi cha pansonga. Kunena kuti "ndinalephera" kunandivuta kuposa phirilo. Masiku ano kuntchito ndikalakwitsa ndimavomera pomwepo, akazi anga amati phiri lija linandichita bwino.

Zoona_Zokha:
Tisamunamize munthu. Ena amapita n'kubwerako ndi ngongole komanso mtima wonyoza kwawo. Enanso amakafika kunja n'kusaka anthu akwawo okhaokha, miyezi yonse osadziwa dzina la woyandikana naye nyumba. Mukapita, achemwali, muziyesa tsiku lililonse kuchita kanthu kamodzi popanda womasulira. Mukapanda kutero ndiye mwangosamutsa bedi.

Wamantha34:
Zikomo nonse. A MakeMapasa, nkhani ya dzino yandiseketsa mpaka anzanga muofesi atembenuka. Kalata ija ndiyankha mawa, koma sabata lachitatulo likundiopsa kale. Munkatani madzulo mukaweruka, nthawi imene nyumba ili zii ndipo kulibe woyankhula naye?