Holo ya mpingo popanda njerwa zowotcha: tiyambire pati?

Mlembi wa komiti, Linthipe: Abale ndi alongo, tithandizeni nzeru. Tikufuna kumanga holo ya mpingo ya mamita 10 kwa 20, koma mavuni amaliza mitengo kuno ndipo nkhuni zakwera mtengo. Kodi njerwa za SSB, zija zosawotcha za dothi losakaniza ndi simenti zoumbidwa pa makina, zingapirire mvula ya ku Dedza?

Mmisiri, Ntcheu: Zimapirira, alembi, bola dothi lake. Makande a kudambo ayi, amang'aluka akauma. Kumbani katondo, mutaye kaye dothi lapamwamba lokhala ndi mizu. Kuyesa kwake nkosavuta: thirani dothi m'botolo mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani, lisiyeni ligone. Mchenga umakhala pansi, ndipo ukhale woposa theka. Ukachepa, onjezerani wa kumtsinje.

Sefani, kenako ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 12 mpaka 15 za dothi. Sakanizani zouma, madzi pambuyo, pang'ono chabe. Fumbatani chibulumwa muchigwetse: chisweke zidutswa zinayi kapena zisanu. Chikangophwatalala, madzi achuluka. Njerwa zikatuluka m'makina, zifunditseni pulasitiki pamthunzi, muziwaza madzi masiku 14, kumangira pakatha masiku 28. Ambiri amalakwa apa, amaziyanika padzuwa ngati zidina, simenti osagwira, njerwa nkumafumbutuka m'makona.

Mayi wina, Dedza boma: Kuwonjezera apo, malamulo a 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, analetsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi za mabungwe. Musanayambe kafunseni ku khonsolo.

Mlembi wa komiti: Zikomo mayi. Nanga maziko ndi denga?

Mmisiri: SSB siikhala m'nthaka. Maziko akhale a miyala, kwanuko sizisowa. Akwere masentimita 30 pamwamba pa nthaka, muyale DPC (pepala lotchinga chinyontho), khoma liyambire pamenepo. Khoma la mamita 20 silingaime lokha: ikani zipilala pa mamita atatu kapena anayi alionse, ndi ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira khoma) pamwamba. Denga lituluke masentimita 60 kuti mpoto wa mvula usamenye khoma.

Kalipentala, Lizulu: Paini wosathira mankhwala ndi ndiwo ya chiswe, musanyengeke ndi kutchipa. Siling'i musaiwale: malata okha amadontha thukuta m'mawa wa June, komanso mvula ikamagwa mlaliki samveka. Ikaninso magatala. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndiye denga lanulo mvula ya mamilimita 25 ikhoza kudzaza thanki ya malita 5,000. Madzi oyamba muziwataya, amakhala ndi fumbi ndi zitosi.