Zithunzi za agogo tisanamange chiliza

Malume aakulu: Mwaswera bwanji nonse? Tsiku la chiliza cha mayi pakufunika chithunzi chawo chachikulu. Chemwali, zithunzi za m'sutikesi zija zili bwanji?

Mayi aang'ono (Phalombe): Achimwene, zambiri zinanyowa ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Zina zagwira chuku, zina chiswe chinadya m'mbali. Cha ukwati chija chinamatirira kugalasi la felemu.

Msuweni (Joni): Mayi, chonde musachikoke chimenecho, nkhope idzatsalira pagalasi. Chijambulidwe chili m'galasi momwemo. Zachukuzo musazipukute ndi nsalu yonyowa, muziyanike pamthunzi, chilichonse pachokha. Laminate ayi, ikamata siimatukanso.

Mng'ono (Zomba): Onani ichi, ndachiyeretsa ndi ka app ka pafoni. Agogo awala bwino kwabasi.
[chithunzi]

Mayi aang'ono (Phalombe): Iwe mwanawe, awa si amayi anga. Mphini za m'masaya zapita kuti? Mpata wa m'mano uja uli kuti? Mtima wanga wawawa.

Msuweni (Joni): Vuto la ma app amenewa ndi lomweli. Pomwe chithunzi chafufutika amangoganizira, kutengera nkhope zambirimbiri za anthu ena, ndiye mphini aziona ngati zokandika n'kuzichotsa. Ana athu akakula adzakhulupirira kuti agogo ankaoneka chonchi. Tikonze pong'ambika, madontho ndi mizere yopindika basi. Nkhope asaikhudze.

Malume aakulu: Wanena zoona muphwa. Pamwambo pabwera anzawo a Mvano amene ankawadziwa bwino. Utoto musaikemonso, chikhale chakuda ndi choyera monga chinalili. Nanga cha bambo atavala chisoti cha kumgodi? Anabwera nacho kuchokera ku Wenela, kumigodi ya ku Joni, boma lisanaletse ulendowo mu 1974.

Mayi aang'ono (Phalombe): Chilipo, changothyoka pakona. Kumbuyo analembako ndi dzanja lawo.

Msuweni (Joni): Ndiye asikane mbali zonse ziwiri. Pa scanner muwauze osikanawo aike 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse) kuti tikachikulitsa chisaphwanyike. Potumiza pa WhatsApp musankhe Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba amachichepetsa. Chosakonza chisungidwe padera pa Google Drive, wokonzayo azigwira pa kope.

Ine: Pali anthu ena m'zithunzimo amene ife achinyamata sitikuwadziwa. Mayi, mungakhale pansi ndi agogo aang'ono atiuze mayina? Mulembe kumbuyo ndi pensulo mopepuka, inki imalowerera.

Mayi aang'ono (Phalombe): Mawa tikaweruka kutchalitchi ndipitako. Maso awo akuvuta, koma mutu uli bwinobwino.

Malume aakulu: Chabwino. Zopereka zipite kwa msungichuma wathu pa Airtel Money kapena Mpamba, a ku Joni pa Mukuru. Chokonzedwacho chiyambe chaonedwa ndi chemwali chisanasindikizidwe.

Mng'ono (Zomba): Ndamva malume. Loweruka ndikazitenga ndekha ku Phalombe, ndipita nazo ku Blantyre mu envulopu yolimba. Cha galasicho ndichikulunga m'chitenje, ndichinyamula pamiyendo.