Ndiseme bwanji munthu wogwada akupemphera?

Wosema wa ku Senga Bay:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimasema ziboliboli pamsewu wa ku Senga Bay, makamaka mvuu ndi asodzi. Tsopano amayi a kutchalitchi kwathu andipempha chiboliboli cha mayi wogwada akupemphera, choti aike pakhomo pa holo. Mtengo ndapeza kale, m'bawa wouma bwino. Koma manja andiimitsa. Pa makalendala onse amene ndinakula ndikuona, wopemphera amaongoka msana, zikhatho pamodzi, maso kumwamba. Agogo anga aakazi sankatero. Iwo ankagwada n'kukhalira zidendene, mutu pansi, manja ali pamiyendo chotambasula, momwe ankagwadira popereka madzi kwa apongozi awo. Mtima wanga ukufuna agogowo. Kodi ndikasema choncho ndilakwira mpingo?

Mkatekisi wopuma, Nkhotakota:
Mwanawe, usaope. Zikhatho pamodzi si lamulo la m'Baibulo. Zithunzi zakale za Akhristu, zojambulidwa m'manda a pansi pa nthaka ku Roma, zimaonetsa wopemphera ataimirira, manja atakweza m'mbali. Ndipo msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea mu 325 unalamula kuti Lamulungu anthu azipemphera ali chilili, chifukwa ndi tsiku la kuuka kwa Ambuye. Kuphatikiza zikhatho kunafala ku Ulaya pambuyo pake. Manja otchuka aja amene umawaona pa makhadi a maliro anajambula ndi Albrecht Dürer wa ku Germany cha m'ma 1508.

Tatsegula za ku Getsemane. Luka 22:41 akuti Yesu anagwada. Mateyu 26:39 akuti anagwa nkhope pansi. Koma chithunzi chimene chili m'nyumba zambiri, Yesu atatsamira mwala, chovala chosadetsedwa, kuwala kukumugwera kumaso, chimandivuta ine. Munthu amene thukuta lake linali ngati madontho a magazi sangaoneke wopumula chonchija. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri ndi chithunzi chimenechi, ndipo nthawi zonse ndinkachita kuwawerengera Mateyu kuti amve kulemera kwa usiku umenewo.

NaPhiri wa ku Chipoka:
Achimwene, kwerani minibasi mupite ku Mua, sikutali. Ku KuNgoni, malo amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, osema akhala akusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope zathu zomwe, Maria atavala chitenje. Palibe anachimwa nazo. Pempho langa ndi limodzi: chitenje cha mayiyo chifike kuphimba mawondo, ndipo mpango kumutu musauiwale. Mukapanda kutero amayi anzanga sachilandira, ngakhale manja mutawakonza bwanji.

Mnzanu wa ku Mpondagaga:
Ine ndine Msilamu, kwathu mu mzikiti sitiika zithunzi za anthu, ndiye za kasemedwe sindingakuuzeni. Koma kugwada ndimakudziwa, kasanu pa tsiku. Yang'anani mapazi, bambo. Munthu wogwadadi zala za kumapazi zimapindika, thupi lonse limatsikira pansi, mapewa amagwa. Ziboliboli zambiri zimene ndimaona pamsewu munthu amaoneka ngati wangodulidwa miyendo n'kumuimika.

Wosema wa ku Senga Bay:
Zikomo nonse. Bambo mkatekisi, za ku Nicaea sindinkazidziwa n'komwe, ndawerenganso Mateyu uja kawiri. Achimwene a ku Mpondagaga mwandigwira penipeni, mapazi ndimawathamangira nthawi zonse poganiza kuti palibe amayang'ana kumbuyo. Dzulo ndinapempha mayi anga kuti agwade pamkeka monga amachitira usiku, ine n'kumajambula ndi pensulo. Anayamba akuseka, kenako anaiwala kuti ndilipo, milomo n'kuyamba kugwedera. Phazi lamanzere amalipinda pansi pa linzake, sindinazionepo zaka zonsezi. Ku Mua ndipita Loweruka, kasemasema ndimugwira ndikabwerako. Mayi NaPhiri, mpangowo mfundo yake ikhale kumbuyo kapena pambali?