Ku China amasecha chonchi paliponse?

Wa ku Ngabu: Abale, ndili ku Guangzhou kuno kudzaoda katundu koma ndatopa. Kulowa pa siteshoni ya metro (sitima ya mutauni yoyenda pansi pa nthaka) chikwama chidutse kaye pa makina, tikiti ya sitima osagula opanda pasipoti, kuhotela nako amakulembetsa kupolisi, makamera paliponse. WhatsApp ndi Facebook sizitsegula olo pang'ono, kulankhula ndi mayi a ana ku Nchalo ndi ntchito. Madzulo 7 koloko matchanelo ambirimbiri nkhani zimodzimodzi, kuyamba ndi atsogoleri a chipani. Enanu munkapirira bwanji?

Chemwali wa pa Dyeratu: Achimwene VPN, pulogalamu ya pafoni yotsegulira masamba otsekedwa, mumayenera kuika musananyamuke, kudawuniloda muli konko nkovuta. Apo ayi ikani WeChat, ili ngati WhatsApp ya ku China, akunyumba aikenso, mavenda onse ali pomwepo, bola osalembapo zandale, a boma amaziona.

Gogo wa ku Bangula: Ana inu mukudabwa? Nthawi ya Kamuzu a yufi ankaima pa geti la msika, wopanda khadi la chipani osalowa, wailesi inali imodzi yokha.

Wa ku Ngabu: Agogo kuno zakwera, olo chala anandidinditsa pa eyapoti. WeChat ndaika achemwali.