Ndinathyoka chiuno pangozi, ndikukodzera mu paipi, kuchipindanso zii. Alipo zinamuchitikirapo?

Wakabaza wa pa Lizulu:
Abale ndithandizeni maganizo, dzina sinditchula. Lole ya mbatatesi inandigunda pa M1 ndili panjinga yamoto, ndinathyoka mafupa a mchiuno. Tsiku limenelo mkodzo unakaniratu kutuluka, kunsonga kumangodontha magazi, ndiye ku Lilongwe anandiboola kumunsi kwa mchombo nkuika kapaipi kolowa mchikhodzodzo. Mafupa akugwirana, ndayamba kuyendera ndodo koma thumba la mkodzo lidakali pamwendo. Akuti njira ya mkodzo inaduka ndiye opaleshoni apanga pakatha miyezi 3 kapena kuposa, bwanji osangopanga pompano? Ina ndi iyi sindinawauze adokotala, chichitikire ngozi chida sichikudzuka olo mmamawa. Ndili pachikamwini, madamu ali chete koma azilamu ayamba kale manong'onong'o oti ndinagwa mu papaya. Opaleshoniyo ikonzanso zimenezi?

Mdzukulu wa Gomani:
Pepani achimwene. Koma zakuchipindazo musavutike nazo, gondolosi basi, sabata imodzi madamu athawa okha kkkk

Wachipatala wa ku Dedza:
A Mdzukulu, gondolosi salumikiza mtsempha woduka, tiyeni tisamuseweretse munthuyu.

Achimwene, kudikirako sikuti akukuzembani ayi. Njira ya mkodzo ya mwamuna ikachoka mchikhodzodzo imadutsa mu prostate, kachiwalo ka abambo komwe kali pansi pa chikhodzodzo, kenako pansi penipeni pa fupa lakutsogolo kwa chiuno, ndiye fupalo likasweka nkusuntha limaikoka mpaka kuduka. Masiku oyambirira malo onsewo amakhala otupa, odzadza magazi oundana, dokotala akati asoke pamenepo sakuonanso bwino ndipo akhoza kuonjezera kuwononga mitsempha ndi mnofu womwe umagwira mkodzo. Nchifukwa chake amayamba apatutsa mkodzo ndi paipi ya pamimbayo. Kutupa kukatha amajambula X-ray atathira mankhwala munjiramo kuti aone mpata womwe watsekeka ndi wautali bwanji, kenako amang'amba pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi, kuchotsa chipsera chonse nkulumikiza mbali ziwirizo. Mumatsala ndi paipi ina yodzera kuchida kwa masabata 3 kapena 4. Ikapangidwa ndi dokotala wozolowera ntchitoyi ambiri amakodza bwinobwino. Zongokulitsa njira polowetsamo zitsulo, pa njira yoti inadukiratu sizikhalitsa, imatsekekanso.

Funso lanu lachiwirilo ndikuyankheni mosabisa, opaleshoniyi ndi ya mkodzo, siidzutsa chida. Mitsempha yodzutsa chida ndi ya magazi opita kumeneko imadutsa mmbali mwa malo omwe anavulalawo, ndiye kawirikawiri imavulala pangozi pomwepo. Mitsempha imachira pang'onopang'ono kwambiri, ena mphamvu zimabwerera pakatha chaka kapena zaka 2, ena zimabwerera pang'ono, ena ayi. Alipo mapiritsi a sildenafil, omwe anthu amangoti Viagra, amathandiza ambiri koma akulembereni dokotala, osati ogula pa msika, ndipo munthu amene akumwa mankhwala a mtima a mtundu wa nitrate sayenera kumwa, BP imatsika moopsa. Ndiye auzeni adokotalawo opaleshoni isanachitike kuti alembe mbuku, amamva zoterezi tsiku ndi tsiku. Fodya ngati mumasuta siyani, amatseka timitsempha tomweto.

Bambo a Tiya ku Bembeke:
Ine yanga inali ngolo, inandipana pakhoma ng'ombe zitadzidzimuka. Thumbalo ndikulidziwa bwino, ndinkalimangirira ndi lamba wa chitenje mkati mwa buluku lalikulu, kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumbuyo kuopa fungo. Imwani madzi ambiri, ine ndinkaona kuti ndikachepetsa madzi mkodzo umachita matope nkutseka paipi usiku. Thumba lizikhala mmunsi mwa chikhodzodzo nthawi zonse, pogona liikeni mu beseni pansi osati pamphasa pambali panu, ndipo tsiku losintha paipi lomwe akupatsani musamalumphe. Mukangomva kutentha thupi, kuzizidwa, kapena thumba lili lopanda kanthu koma mimba ikufufuma, thamangani kuchipatala cha boma osadikira kuche. Atandichotsa paipi yomaliza nesi anandipatsa kabotolo kuti ndikodzeremo, manja ankanjenjemera, utangotuluka ndinafuula anthu a mu wodi nkuyamba kuseka. Zakuchipinda zinachedwa kwambiri, zinayamba ndi kudzuka pang'ono mbandakucha, ndi mapiritsi aja pano tikukhala ngati banja ngakhale sizili ngati kale.

Nangozo:
Inu abambo mukuti madamu ali chete, mwawafunsa? Mwina akuganiza kuti mwasiya kuwafuna, kapena akuopa kukupwetekani ndi paipiyo. Pitani nawo ku rivyu akamve okha kwa adokotala, akatero iwowo ndi amene akawatseke pakamwa alongo awo, inu mkamwini simungathe. Zikavuta itanani ankhoswe awiri okha basi, osati mudzi wonse.

Komanso a chipatala, azimayife bwanji? Mng'ono wanga anathyoka chiuno pangozi ya minibasi, akatsokomola mkodzo umatuluka wokha ndipo akakhala ndi bambo akunyumba amamva kuwawa, koma amangoti ndi mmene zilili.

Wachipatala wa ku Dedza:
Mayi Nangozo, apite akapimidwe, zimenezo zili ndi thandizo. Kwa amayi njira ya mkodzo ndi yaifupi ndiye siiduka kawirikawiri, chomwe chimavulala ndi minofu ya pansi pa chiuno, nthawi zina chikhodzodzo kapena njira ya abambo. A fizo, achipatala olimbitsa minofu ndi mafupa, amaphunzitsa kufinya minofu imeneyo ngati ukugwira mkodzo, kangapo patsiku kwa miyezi ingapo. Akadzaima akanene kusikelo kuti anathyokapo chiuno, achipatala aone okha ngati angachire bwinobwino kapena ndi opaleshoni.

Wakabaza wa pa Lizulu:
Zikomo nonse, rivyu ikubwerayi tipita awiri. Nanga zobereka? Tili ndi mwana mmodzi yekha.

Wachipatala wa ku Dedza:
Mbewu imapangidwa mmachende, ngati sanavulale ikupangidwabe. Vuto limakhala potulukira, poti umuna umadzera njira yomweyo yatsekekayo. Akailumikiza ena umatuluka bwino, ena mofooka, ndiye mukachira mupemphe akuyezeni umuna.