Mafilimu onena za moyo wa anthu opanga mafilimu: ndionere ati?

Wojambula_wa_ku_Kawale:
Moni nonse. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe ku Kawale, Biwi ndi Area 23. Kamera ndili nayo imodzi, laputopu yanga batire lake linatha kalekale moti magetsi akangozima ntchito yaima pomwepo. Chaka chino ndi chachiwiri ndikulemba kafilimu kakafupi ka mnyamata wa kabaza, koma ndikati ndiyambe kujambula mtima umandibweza.

Sabata yatha mnzanga anandiikira mu fulashi filimu ya Ed Wood, ya 1994 ija yopangidwa ndi Tim Burton, momwe Johnny Depp ndiye Wood. Ndaionera kawiri. Wood anthu amamunena kuti mafilimu ake anali osalongosoka, koma ine chinandigwira mtima ndi mmene ankalondolera mkulu uja wosewera m'mafilimu Bela Lugosi, yemwe anatchukapo kale koma aliyense anali atamutaya. Pena Wood ndi anzake akulolera kubatizidwa m'dziwe losambiramo kuti a mpingo awathandize ndalama yojambulira. Ndinakumbukira tsiku lomwe ndinayenda wapansi kuchoka ku Kawale kukafika ku Mchesi kwa amalume kukapempha ndalama ya maikolofoni, n'kubwerako ndi thumba la mbatata basi.

Kodi pali mafilimu ena otere oonetsa mmene anthuwa ankavutikira? Ndipo alipo a anthu a ku Africa kuno?

Mphunzitsi_wopuma_Area18:
Mwana wanga, funafunani Chaplin ya 1992, ya Richard Attenborough. Robert Downey Jr. ndiye Charlie Chaplin. Muona umphawi womwe anakuliramo ku London, mayi ake akudwala matenda a m'mutu, iye ndi mkulu wake akusowa pogona. Chomwe chimandikhudza n'chakuti amene anasewera ngati mayi akewo ndi Geraldine Chaplin, mwana wake weniweni wa Charlie, ndiye kuti anasewera ngati agogo ake omubereka bambo.

Ina ndi Hitchcock ya 2012, Anthony Hopkins ndi Helen Mirren. Ikunena za nthawi yomwe Alfred Hitchcock ankapanga filimu ya Psycho ya 1960, akuluakulu a kampani atakana kuikapo ndalama, iye n'kudzilipirira yekha. Yang'anitsitsani mkazi wake Alma Reville, mmene ankakhalira naye pochepetsa ndi kulumikiza zithunzi. Inuyo amene mumakhala nokha usiku pa laputopu mukufunika munthu wotere, wokuuzani mosapsatira kuti apa dulani. Chenjezo langa ndi loti mafilimu otere amakometsera zina, musatenge chilichonse ngati mmene zinalilidi.

Nachisale_Chinsapo:
Achimwene, za ku Africa yambani ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal. Pali filimu yofotokoza moyo wake yotchedwa Sembène! ya 2015, yomwe anapanga Samba Gadjigo ndi Jason Silverman. Si ya masewero ayi, muli zithunzi zenizeni ndi anthu omwe anakhala naye.

Sembène anabadwa mu 1923, sukulu sanapite nayo patali, anagwirapo ntchito yonyamula katundu padoko ku Marseille. Anayamba ndi kulemba mabuku m'Chifalansa, kenako anaona kuti anthu akwawo ambiri sangawawerenge, ndiye anapita ku Moscow kukaphunzira zopanga mafilimu ali ndi zaka pafupifupi 40. Kafilimu kake ka 1963, Borom Sarret, n'kakafupi, ndipo kakunena za munthu woyendetsa ngolo ya hatchi mu Dakar tsiku limodzi lokha. Nditawerenga za mnyamata wanu wa kabaza ndinangoti koma ndi zomwezi! Mu 1968 anatulutsa Mandabi m'Chiwolofu, chinenero chomwe amayi a kumsika amamva. Anamwalira mu 2007. Chonde yanuyo muipange m'Chichewa chathu chomwechi cha padepoti.

Achimwene_a_ku_25:
Ine ndimalakalaka wina atapanga filimu ya moyo wa a Shemu Joyah. Ntchito yawo ndi yoyeza malo, koma anatipatsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Palinso mayi Joyce Mhango Chavula omwe filimu yawo ya Lilongwe inapata mphoto ya mafilimu a mu Africa yotchedwa AMVCA ku Nigeria mu 2016. Anthuwa tili nawo pompano, bwanji wina osapita ndi kamera kukacheza nawo adakali ndi mphamvu zofotokoza?

Wojambula_wa_ku_Kawale:
Zikomo kwambiri nonse. Bambo aphunzitsi, zoti ndipeze munthu wondiuza podula ndazimva, mayi a kunyumba ndiwaonetsa zonse ndisanamalize. Achemwali a Nachisale, Borom Sarret ija ndingaipeze kuti? Anyamata oika mafilimu mu fulashi kumsika ndawafunsa atatu masanawa, onse akuti sanaimvepo. Mnyamata wa kabaza uja ndalankhula naye, wavomera kuti Lamlungu m'mawa tikayesere pa mlatho wa Lilongwe anthu asanachuluke.